Sewero la wapolisi uja lisatsekedwe: tikufunika kuphunzira kudekha tisanaloze munthu chala

Kwa masabata angapo tsopano, nkhani imene ili m'kamwam'kamwa kuno ku Ulónguè, m'boma la Angónia ku Mozambique, yaposa ya mtengo wa feteleza ndi ya mbatata ya kachewere. Ndi nkhani ya sewero la pa kanema. M'tinyumba toonetsera mavidiyo tozungulira msika, komanso m'mafoni a achinyamata amene amalowetsa mafilimu pa memori khadi, mukuyenda sewero lalitali la magawo ambiri, lomasuliridwa m'Chichewa ndi anyamata a kutsidya kwa malire. Limakamba za mayi wina wapolisi wofufuza milandu amene akusakasaka munthu wopha akazi mmodzimmodzi, mwezi ndi mwezi, osagwidwa. Makolo ena adandaula, akuluakulu ena a mipingo alankhulapo, ndipo sabata yatha m'chapa yochokera ku Dómuè ndinamva bambo wina akunena kuti mafumu ndi akuluakulu a m'mabairo angolamula kuti seweroli lisaonetsedwenso. Ine ndikukana. Ndaonera magawo onse amene afika, ndipo ndikuti seweroli lisaletsedwe kwa anthu akuluakulu, chifukwa likuphunzitsa chinthu chimene chikusowa kwambiri m'dera lathu lino: kudekha mpaka umboni upezeke, tisanaloze munthu chala n'kunena kuti wakupha ndi uyu.

Ndiyambe ndi kufotokoza zimene zili m'seweroli, poti ambiri amene akulitsutsa anangomva kukuwa kotuluka pa sipika iwo akudutsa panja. Mayi wachitatu ataphedwa, tauni yonse ya m'sewerolo inagwirizana kuti wakupha ndi bambo wina wosoka nsapato, wokhala yekha, wachibwibwi, wosacheza ndi anthu. Mkulu wa apolisi, atatopa ndi mafunso a atolankhani, analamula kuti amugwire. Anamupanikiza ndi mafunso usiku wonse osamulola kugona, ndipo kutacha bamboyo anavomera. Aliyense mtima unakhala pansi. Mayi wofufuza uja yekha ndiye sanakhutire, chifukwa phazi limene analiyeza pamatope linali lalikulu kuposa la wosoka nsapatoyo, ndipo tikiti ya basi inasonyeza kuti tsiku la imfa yachiwiri bamboyo anali kutali, kumaliro a mlongo wake. Anzake anamunyoza, kenako anamuchotsa pa mlanduwo. Wosoka nsapato akadali m'chitokosi, mayi wachinayi anaphedwa. Gawo limeneli ndinaonera nditakhala pa benchi ya thabwa limodzi, m'kanyumba ka malata kotentha ngati ng'anjo. Pambali panga panali mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto amene kuyambira gawo lapitalo ankangofuula kuti, “Ndi yemweyo, angomupha basi!” Mtembo wachinayi utaonekera, mnyamatayo anavula chipewa chake n'kumachipinda m'manja, ndipo sanatulutsenso mawu mpaka sewero linatha.

Kukhala chete kwa mnyamata ameneyu ndiko kwandilembetsa ndemanga ino, chifukwa ife a m'malire muno tikudziwa zimene zimachitika khamu likatsimikiza msanga. M'miyezi ya Sepitembala ndi Okutobala 2017, mphekesera ya anamapopa, amene kuno timawatchanso chupa-sangue, inasesa maboma a kummwera kwa Malawi monga Mulanje, Phalombe ndi Thyolo mpaka kukafika ku Blantyre. Anthu osachepera 8 anaphedwa ndi makamu, bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndipo apolisi anamanga anthu opitirira 100 chifukwa cha zipolowezo. Mwa onse ophedwawo, palibe amene anaimapo m'bwalo la milandu kuti umboni wake umveke. Ndipo ine ndinaonapo ndi maso anga, m'mudzi wina cha kwathu kuno, mlendo atakhazikidwa pansi patsinde pa mtengo wa mango, manja atamangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga, chikwama chake chitakhuthulidwa padothi. Munali tochi, sopo, chaja ya foni, malaya awiri ndi timapiritsi ta mutu. Mayi wina anatola tochiyo n'kuikweza m'mwamba kuti onse aone, ngati kuti mlandu wathera pomwepo. Amene anamupulumutsa ndi agogo ena aamuna, amene anadutsa pakati pa gululo akugogoda ndodo yawo n'kufunsa kuti, “Ana inu, wapopedwayo ali kuti? Tabwera nayeni timuone.” Anthu anayang'anizana. Aliyense anangomva kwa mnzake. Mlendoyo ankafuna ganyu yokumba mbatata, ndipo anachoka m'mudzimo akutsimphina, diso limodzi litatupa. Funso la agogo aja ndi lomwelo limene mayi wapolisi wa m'sewero amafunsa gawo lililonse, ndipo n'chifukwa chake sindikufuna kuti pakamwa pake patsekedwe.

Tsono tiyeni timve otsutsa, chifukwa si anthu opanda nzeru, ndipo zina zimene akunena n'zoona. Dandaulo limene limamveka kwambiri ndi la ana. Amayi akuti ana a pulayimale amathawa sukulu, amalowa m'tinyumbati yunifolomu ili m'thupi, amaona mitembo ndi magazi, usiku n'kumabwebweta kutulo. Apa ndilibe chowatsutsa, ndipo inenso ndinakwiya nditaona kamwana kosakwana zaka khumi katakhala kutsogolo kwenikweni, maso ali tong'o. Komabe vuto limeneli lili pakhomo pa kanyumbako, pamene mwini wake amalandira ndalama ya aliyense osayang'ana msinkhu. Mankhwala ake ndi akuti mafumu ndi akuluakulu a m'mabairo agwirizane ndi eni mavidiyo kuti masewero otere azionetsedwa madzulo okha, kwa akuluakulu okha, ndipo wolowetsa mwana azilipa. Mwana akagula kachasu timathana ndi womugulitsa, ndipo apanso tichite chimodzimodzi. Kuwonjezera apo, tisadzinamize za kumene ana athu amaona zoopsa kwambiri. Zimene zimayenda pa WhatsApp m'mafoni a makolo omwewo ndi mavidiyo a anthu enieni akumenyedwa ndi kuotchedwa ndi matayala, khamu likuombera m'manja. Kumeneko mwana amaphunzira kuti kupha ndi chisangalalo cha gulu. M'sewero lija imfa iliyonse imalirika, ndipo munthu amataya tulo kufuna kudziwa amene waichita.

Ena amapitirira apo, n'kunena kuti sewero lotere limaphunzitsa anthu njira zophera ndi zobisira. Funso langa kwa iwo ndi lakuti, kodi zoopsa zimene zachitika pafupi nafe zinachokera pa kanema? Mu 2017 ku Zambézia, m'maboma a Milange ndi Morrumbala, amuna a dazi anaphedwa chifukwa cha chikhulupiriro choti m'mitu mwawo muli golide, mpaka apolisi anachenjeza poyera. Abale athu achialubino asakidwa ndi kuphedwa mbali zonse ziwiri za malire, manda awo kufukulidwa. Zimenezi zinabadwa m'dyera ndi m'mabodza a asing'anga onyenga, m'midzi imene ina mwa iyo ilibe ngakhale magetsi. Ndipo milandu yotereyi ndi imene imaonetsa bwino kupusa kwa chilango cha khamu. Wogwira mpeni nthawi zambiri amakhala wotumidwa. Kumbuyo kwake kuli amene anamuuza kuti fupa la munthu limalemeretsa, ndiponso amene akudikira ndi ndalama. Khamu likapha wogwidwayo, limakwirira limodzi naye mayina a omutuma, ndipo omutumawo amangopeza mnyamata wina. Wofufuza wabwino amafuna wogwidwayo akhale moyo, alankhule, chingwe chonse chikoke mpaka kumapeto. Sewero limene likuzika ganizo limeneli m'mitu ya anyamata a pamsika likuthandiza apolisi, silikuthandiza zigawenga.

Pali chitsutso china chimene ndimachiona cholemera kuposa zonsezi, ndipo ndinachimva kwa mphunzitsi wina wamkazi. Iye akuti masewero amenewa amakweza wakuphayo, amamuonetsa ngati munthu wanzeru zakuya amene akusewera bawo ndi apolisi, pamene akazi ophedwawo amangokhala mitembo yopanda mbiri, yongopititsa nkhani patsogolo. Ndikuvomereza kuti masewero ambiri a mtundu umenewu ali ndi matenda amenewo, ndipo limene tikukambirana lino nalonso pena limachedwa kwambiri pa nkhope ya mayi wamantha kuposa mmene kukufunikira. Koma yankho la zimenezi ndi kuonera tili maso n'kumakambirana, chifukwa choonadi cha anthu opha motsatizana n'chosiyana ndi ulemerero umenewo. Taonani Moses Sithole wa ku South Africa, amene mu 1997 bwalo linamupeza wolakwa pa milandu 38 yakupha ndi 40 yogwirira, n'kumulamula kukhala m'ndende zaka 2,410. Chida chake chachikulu chinali lonjezo la ntchito. Ankavala bwino, kulankhula mwaulemu, kuuza akazi osowa kuti awapezera malo, n'kuwatengera kutchire. Nzeru zakuya palibepo apa, pali munthu wankhanza wodyera pa umphawi wa anzake. Magawo atsopano a sewero lathuli akulowera komweko: zizindikiro zikuloza kwa bambo wolemekezeka, wagalimoto, wopatsa anthu moni ndi kuwanyamula ulere. Kodi phunziro limeneli silikuwakhudza ana athu aakazi amene amanyamuka ndi kachikwama kupita ku Tete, ku Moatize, ku Beira kapena ku Joni chifukwa munthu wina pafoni wati ntchito ilipo? Khamu likakwiya limathamangira wamisala, wachibwibwi, mlendo, nkhalamba ya maso ofiira. Woopsa weniweni nthawi zambiri timamupatsa mpando.

Tibwere kwa amene akuti zonsezi n'za kunja. Iwo amati apolisi a m'kanema ali ndi malabotale, makompyuta ndi makamera pa msewu uliwonse, pamene kuno munthu akaphedwa kumudzi wa ku Tsangano kapena ku Chifunde, wofufuza amafika mochedwa chifukwa cha mtunda ndi misewu, mwina maliro ataikidwa kale. Akuti kuonetsa anthu zotere n'kungowachititsa kunyoza apolisi athu, ndipo munthu wonyoza apolisi ndi amene amatola mwala. Mfundoyi ili ndi mutu, koma ikulakwitsa poganiza kuti milandu ikuluikulu imathetsedwa ndi makina. Ku England, Peter Sutcliffe anapha akazi 13 pakati pa 1975 ndi 1980, apolisi anamufunsa mafunso maulendo 9 n'kumamusiya, ndipo mu Januwale 1981 anagwidwa ku Sheffield chifukwa apolisi wamba oyendera usiku anakayikira nambala yabodza ya galimoto yake. Nkhani ina ya komweko ndiyo imandigwira mtima kwambiri. M'midzi ya Narborough ndi Enderby, atsikana awiri a zaka 15 anaphedwa, mmodzi mu 1983, wina mu 1986. Apolisi anagwira mnyamata wa zaka 17, ndipo anavomera imfa yachiwiriyo. Katswiri wa pa yunivesite ya Leicester, Alec Jeffreys, atayeza DNA, chizindikiro cha m'thupi chimene chimasiyanitsa munthu ndi mnzake, anapeza kuti atsikana onsewo anaphedwa ndi munthu mmodzi, ndipo munthuyo sanali mnyamata wovomerayo. Choncho ntchito yoyamba imene luso limeneli linagwira pa mlandu wakupha inali kumasula wosalakwa amene anali atavomera ndi pakamwa pake. Amuna pafupifupi 5,000 anayezedwa, wolakwa osapezeka, chifukwa Colin Pitchfork anatuma mnzake wa kuntchito kuti akapereke magazi m'dzina lake. Chinamuulula ndi mayi wina amene anamva mnzakeyo akusimba za chinyengocho pamalo omwera mowa, n'kukanena kupolisi. Pitchfork anaweruzidwa mu 1988. Makina analipo, koma anafunika khutu la munthu wamba ndi kulimba mtima kwake.

Chifukwa chake ndikuti zambiri zimene seweroli limaonetsa sizifuna ndalama. Mtembo ukapezeka kudambo kwathu kuno, pasanathe ola limodzi mudzi wonse wafika. Amayi achifundo amavula chitenje n'kufunditsa malemuyo, amuna amamusuntha kumuika pamthunzi, ana amatola chilichonse chogwa pafupi, ndipo mapazi mazanamazana amafufuta phazi limodzi limene likanalankhula. Zonsezi timachita mwaulemu, ndipo ulemuwo sindikuunyoza. Koma munthu amene waonera mayi wapolisi uja akukuwira anthu kuti abwerere m'mbuyo, akuyeza phazi ndi kachingwe, akulemba nthawi imene mboni iliyonse inadutsa, adzadziwa kuti kuimitsa khamu patali nakonso ndi kulemekeza wakufayo. Adzadziwa kuti kukumbukira mtundu wa njinga yamoto imene inadutsa madzulo n'kofunika kuposa kukumbukira amene anakangana ndi malemu zaka zisanu zapitazo. Ndipo ngati sewero likuchititsa anthu kuyembekezera zambiri kwa apolisi, ine ndikuti n'zabwino. Kuyambira mu 2017 dziko lathu lili ndi SERNIC, nthambi yofufuza milandu imene inalowa m'malo mwa nthambi yakale ya apolisi yotchedwa PIC. Nzika imene ikudziwa mmene kufufuza kumayendera imafunsa mafunso oyenera: kodi mwajambula malowo? Kodi mboni mwazilemba? Kodi dokotala wauona mtembo? Nzika yosadziwa imangofunsa kuti mwamugwira ndani, ndipo funso limenelo ndi limene limagwiritsa osalakwa. Asatiuzenso kuti chidwi chotsata umboni n'chachilendo kwa ife. Mtolankhani Carlos Cardoso ataphedwa ku Maputo pa 22 Novembala 2000, mlandu wake unaulutsidwa pa wailesi ndi pa kanema, dziko lonse linatchera khutu kwa miyezi, mpaka woweruza Augusto Paulino anagamula mu Januwale 2003 kuti anthu 6 ndi olakwa. Amene tinalipo tikukumbukira anthu ataunjikana pa wailesi imodzi, akutsutsana za mawu a mboni iliyonse.

Atsala ndi abale anga a m'mipingo, amene akuti Mkhristu sayenera kudzaza mtima wake ndi nkhani za mdima, ndiponso kuti mantha amene sewero limadzala amachititsa anthu kukayikirana. Ndimalemekeza nkhawa imeneyi, ndipo amene chikumbumtima chake chikumuletsa asaonere, palibe womukakamiza. Koma kuletsa ena onse ndi nkhani ina. Malemba amene amawerengedwa ku mishoni ya Lifidzi ndi m'matchalitchi onse a m'mapiri muno sabisa magazi a Abele, ndipo lamulo la pa Deuteronomo 19:15 limakana kuti munthu atsutsidwe ndi mboni imodzi yokha. Akatolika amadziwanso nkhani ya Suzana, amene khamu linali kale paulendo wokamupha chifukwa cha umboni wa akuluakulu awiri olemekezeka, mpaka Danieli anaimitsa gululo, n'kuwapatula awiriwo, n'kufunsa aliyense payekha kuti anaona zimenezo patsinde pa mtengo wanji. Anatchula mitengo yosiyana. Imeneyo ndi ntchito ya wofufuza milandu, ndipo ndi yakale kuposa kanema. Makolo athu nawonso ankaidziwa. Pabwalo la mfumu wodandaula amalankhula, woyankha amalankhula, mboni zimaitanidwa, nduna zimafunsa mobwerezabwereza, ndipo mlandu ukavuta amati tigone kaye, chifukwa kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma tisabise kuti mbiri yathu ili ndi njira inanso, ya mwabvi ndi ya kuloza mfiti, imene inamaliza anthu ambiri osalakwa. Njira ziwirizi zikulimbanabe m'mitima mwathu lero, ndipo seweroli lili mbali ya bwalo. Za kukayikirana, ine ndaona zosiyana: anthu amene amatuluka m'kanyumba kaja amatuluka akutsutsana kuti umboni ndi uti ndipo mphekesera ndi iti, chimene sindinachimvepo pa khamu lililonse lokwiya.

Tikumbukirenso kuti Mozambique inathetsa chilango cha imfa m'malamulo ake aakulu a 1990. Boma lenilenilo, ndi oweruza ake ndi maloya ake, linadziletsa kupha ngakhale munthu amene mlandu wamupeza poyera. Nanga gulu la anthu makumi asanu limene langomva mfuu ya “wakuba!” kapena “namapopa!” pa mphambano litenga kuti mphamvu imeneyo?

Zimene ndikupempha kwa a mfumu ndi akuluakulu a m'mabairo athu n'zochepa. Ikani lamulo la msinkhu ndi la nthawi pa makomo a tinyumba ta mavidiyo, ndipo mulitsate osayang'ana nkhope. Koma musanagamule zotseka, chitani chimene mumachita pabwalo panu tsiku lililonse: imvani mbali inayo ndi makutu anu. Mwini kanyumba kamene ndimaonerako wavomera kubwereza gawo la wosoka nsapato lija Loweruka madzulo, ana atatulutsidwa. Alamu anga, amene ali m'gulu lofuna kutseka ndipo takhala tikukangana nawo pa nsima kwa masabata awiri, ndawauza kuti ndalama ya pakhomo ndilipira ine. Ati abwera, ndipo abwera ndi mkulu wa mpingo wawo.